Chipsera cha pa chigongono cha akochi

Tsiku limene ndinayambana ndi akochi a baseball a mwana wanga, mumtima ndinali nditagamula kale kuti munthuyu ndi wansanje basi. Linali Loweruka m'mwezi wa May, kuno ku Indiana, nthawi imene chipale chasungunuka koma kamphepo kakadali kuluma makutu. Mnyamata wanga, panthawiyo ali ndi zaka 13, anali pa kachulu kaja ka pakati pa bwalo, mpira ukutuluka m'dzanja mwake ngati mwala wa legeni. Ana a timu inayo ankangobwera ndi ndodo zawo n'kumabwerera ali zyoli. Makolo anzanga ankandisisita paphewa, ine ndikumva kukoma. Kenako ndinangoona akochi anyamuka pamalo awo, akuyenda mwachifatse mpaka pa kachulu, n'kutambasula dzanja. Mu baseball kochi akakutambasulira dzanja chotero ndiye kuti akufuna mpira, ndipo zako zathera pomwepo tsiku limenelo.

Masewero atatha ndinawapeza poimika magalimoto. Ndinawafunsa kuti mwana walakwanji. Anati sanalakwe kanthu, koma waponya ka 78 ndipo chigongono chayamba kugwa. Ine ndinali nditamvapo kuti lamulo limalola mwana wa msinkhu umenewo kuponya mpaka ka 95 patsiku, ndiye ndinawakumbutsa. "Bambo," anatero, "95 ndi malire. Si ngongole yoti mwana azibweza Loweruka lililonse." Ndinalowa m'galimoto osatsanzika.

Ndifotokozeko pang'ono za masewerowa, poti ambirife kwathu timangowaona m'mafilimu. Timu imakhala ndi anthu 9 m'bwalo. Mmodzi amaima pa kachulu n'kuponya mpira kwa mnzake wonjuta, wovala zotchinga nkhope ndi chifuwa, amene ntchito yake ndi kuwakha. Pakati pawo pamaima mdani ndi ndodo, kufuna kuumenya mpirawo usanafike. Akaphonya katatu watuluka, ndipo akatuluka anthu atatu matimu amasinthana. Masewero onse amayambira m'dzanja la woponya uja. Akuluakulu amaponya pa mtunda wa mamita 18.44, mpira n'kumathamanga mailosi oposa 90 pa ola, pamene ana a Little League, ligi ya ana aang'ono, amaponya pa mamita 14. Chaka chimenecho mwana wanga anali atangosamukira ku bwalo la akuluakulu, ndiye kuti mkono womwewo unkafunika kukankha mpira mamita anayi owonjezera nthawi iliyonse. Izi ndikuzidziwa lero. Panthawiyo sizinkandibwerera n'komwe m'mutu.

Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo kuponya kumene ndinkakudziwa n'kogenda mango ndi kuthamangitsa anyani m'munda. Unkagenda tsiku lonse, madzulo mkono n'kuwawa, mawa lake n'kuiwala. Mpira wathu unali wamiyendo, ndipo kuvulala kumene tinkakupatsa ulemu n'kothyoka mwendo kapena kotuluka magazi. Zoti mwana angavulale ndi kuponya chabe, popanda womugunda, kwa ine zinali nkhambakamwa za anthu okhuta. Komanso ndisabise, ndinali ndi mawerengero anga. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, mayi ake amagwira masana, ndipo fizi ya ku yunivesite kuno ndi yoti ukaimva umayamba wakhala pansi. Nditamva makolo ena akukamba za sikolashipi, mkono wa mwana wanga ndinayamba kuuona ngati munda wa fodya, woti ukakhwima tonse tidzapume.

Za akochiwo ndinkadziwa zochepa: kuti anasewerapo baseball yolipidwa koma sanafike ku ligi yaikulu ya MLB, ndiponso kuti masana amagwira ntchito ina. Usiku umenewo ndinauza mayi a mwana kuti munthu amene njira inamukanika yekha sangalondolere mwana wanga. Iwo anangoti, "Inuyo mwauponyapo kangati mpira umenewu?" n'kupitiriza kutsuka mbale.

Sabata ziwiri zisanathe ndinali nditamulembetsa mwana ku timu yachiwiri, ya mtundu uja woyenda m'mizinda kukachita mipikisano ya Loweruka ndi Lamlungu. Ndalama zake zinali zambiri, kuwonjezera yunifolomu, mafuta a galimoto ndi malo ogona, moti ndinapempha mashifiti ena awiri pamwezi. Akochi oyamba aja sindinawauze. Ku timu yatsopanoyo kunalibe wofunsa kuti mwana waponya kangati m'kati mwa sabata, ndipo ine ndinkati ufulu ndi umenewu. Kunali kachipangizo koyezera liwiro la mpira, manambala n'kumatuluka, makolo tonse maso ali pamenepo. Lachinayi ankaponyera timu yakale, Loweruka yatsopano, ndipo Lamlungu akafika mu fainolo ankamubwezanso pa kachulu. Tsiku limene sakuponya ankamuika kukhala wowakha chifukwa cha mphamvu ya mkono wake, chonsecho wowakha amabweza mpira kwa woponya pafupifupi nthawi iliyonse. Ichi chakoma ichi chakoma, paja pusi anagwa chagada. Kungoti wogwayo sanali ine.

Zizindikiro zinalipo, ndipo ndizitchula bwinobwino chifukwa mwina zili m'nyumba mwanu panopa. Mipira yake inayamba kukwera m'mwamba, kuphonya pamene wowakha waika golovesi. Akaponya ankakutumula mkono ngati munthu wochotsa madzi m'manja. Ankachedwa, kumangozungulira pa kachulu asanaponyenso. Kunyumba botolo la mapiritsi opha ululu linayamba kutha msanga, ine n'kumayesa ndi mayi ake, iwonso n'kumayesa ndine. Koma chimene chinawatsegula maso mayi ake ndi nsima. Tsiku lina mwana anayamba kutema nsima ndi dzanja lamanzere. Anamukalipira kuti mwambo umenewo wauona kuti, iye n'kusintha, koma ankaumba mbamu mosamala ngati ikuwotcha pamene inali itazizira kale. Usiku anandiuza kuti, "Mwanayu akubisa kanthu. Mkono uja sakuutambasula wonse." Ndinati ndi kukula, mafupa akutalika. Ndinamuitana mnyamatayo n'kumufunsa ngati pali pamene pakuwawa. Anati palibe. Ndinati, "Basi, mwamuna amalimba mtima." Mawu amenewo ndimawamvabe m'makutu mwanga.

Zinaphulika mu July, pa mpikisano wina kutali ndi kwathu, dzuwa likuswa mtengo. Anaponya mpira umodzi umene unakagunda pansi usanafike n'komwe kwa wowakha. Sanalire. Anangogwira chigongono ndi dzanja linalo, n'kuima chilili akuyang'ana kumene ndinakhala. Nkhope imeneyo sinali ya ululu wokha. Inali ya mwana amene waswa mbale ya alendo.

Adokotala anajambula zigongono zonse ziwiri kuti ayerekeze. Anandionetsa pa kompyuta kuti kumbali ya m'kati ya chigongono cha mwana kumakhala malo amene fupa likadali lanthete chifukwa likukula. Minofu imene imapinda dzanja ndi zala imagwira pamenepo, ndipo kuponya kulikonse kumakoka malo amenewo. Kwa munthu wamkulu fupa linauma kale, ndiye chimene chimaduka ndi mtsempha. Kwa mwana fupa lanthetelo ndi limene limayamba kugonja. Pa mkono wamanja wa mwana wanga mpata unali utakula kuposa wa kumanzere, koma mwamwayi kafupako kanali kasanathothoke. Kakanathothoka kwambiri, nkhani ikanakhala ya opareshoni ndi kasikulu komangira. Apa m'pamene ndinamvetsa za nsima ija: kuumba mbamu kumagwiritsa ntchito minofu yomweyo. Kenako adokotala anandifunsa funso losavuta, kuti mwezi wathawu mwana waponya kangati. Ndinkadziwa liwiro la mpira wake mpaka nambala yomaliza. Funso limeneli linandisowetsa chonena.

Kuwaimbira foni akochi kunanditengera masiku atatu. Ndinkayembekezera kuti andisambitsa chokweza, ndipo ndikanavomera. Iwo anangofunsa zimene adokotala anena, n'kuti tibwere kunyumba kwawo Lamlungu madzulo. Anatilandirira m'galaja, mmene anamanga ukonde woponyeramo mpira. Mwana anamutuma kukasewera ndi galu panja. Atatero anapinda malaya n'kundionetsa chipsera chachitali, chopindika, kumbali ya m'kati ya chigongono chawo chamanja. Ndinali nditawaona miyezi yambiri, koma nthawi zonse ankavala malaya a manja aatali, ngakhale kotentha.

Mbiri yawo anaifotokoza mosadzimvera chisoni, ngati munthu wonena za ulendo wa basi. Ku sekondale analibe wofanana naye m'dera lawo lonse. Ku koleji anali wabwino koma osati wodabwitsa. Matimu a MLB amasankha anyamata chaka chilichonse mosinthanasinthana, ndipo masiku amenewo kusankhako kunkazungulira maulendo 50. Iwo anatengedwa chakumapeto, n'kupatsidwa kandalama kongokwana galimoto yakale. Kusankhidwa sikutanthauza kuti wafika. Pansi pa matimu 30 a ligi yaikulu pali makwerero: ligi ya ongoyamba kumene, kenako Single-A, Double-A, Triple-A. Ambiri amathera pa makwerero pomwepo. Ankayenda pa basi usiku wonse kuchoka tauni ina kupita ina, kugona anyamata asanu kapena asanu ndi mmodzi m'nyumba ya zipinda ziwiri, chakudya buledi wopaka chiponde. Malipiro ankabwera nyengo ya masewero yokha. M'miyezi yozizira ankanyamula katundu m'sitolo kuti apeze ya lendi. Nditamva zimenezi ndinaseka pang'ono, chifukwa moyo umenewu ndi umene tinayambira ambirife titangofika kuno, kusiyana kwake n'koti ife sitinkaombedwa m'manja.

Anafika ku Double-A ali ndi zaka 24. Kumeneko, anati, munthu umayamba kununkhiza ligi yaikulu, chifukwa ena amaitanidwa kuchokera pomwepo. Ndipo m'pamene chigongono chinayamba kuwawa. Sanauze munthu. Anati kumbuyo kwako kumakhala anyamata khumi odikira malo ako, ndipo ukangolowa m'chipinda cha achipatala dzina lako limatsika pa mndandanda. Anabisa miyezi itatu, kumwa mapiritsi m'bafa, kusintha kaponyedwe kuti pasawawe, zimene zinangosamutsira katundu pamalo ena. Usiku wina anamva kuti thapu m'kati mwa mkono, zala ziwiri zakumapeto n'kuchita dzanzi. Mtsempha unali utaduka. Anachitidwa opareshoni, n'kukhala miyezi 14 asanaponye pa masewero. Atabwerera, mpira umene unkafika mailosi 92 pa ola unkathera pa 88. Kwa ife kusiyana kumeneku n'kosaoneka ndi maso. Kwa womenya waluso ndi kusiyana kwa njinga yamoto ndi yakapalasa. M'mawa wina, pa zokonzekera za kumayambiriro a chaka, anaitanidwa mu ofesi. Nkhani yonse sinathe mphindi khumi. Anatuluka ndi chikwama ndi tikiti ya ndege.

Anakakamirabe zaka ziwiri m'maligi oima paokha, amene sali pansi pa timu iliyonse ya MLB, kumene anthu amasewera podikira foni imene nthawi zambiri siilira. Chodabwitsa, anati, n'chakuti kumeneko ndi kumene anaphunzira kuponya. Liwiro litatha anakakamizika kuganiza: kuika mpira m'munsi, chakutali ndi womenya, kuuchedwetsa pamene mdani akuyembekezera wothamanga, kuwerenga mapazi a munthu asanamenye. "Mkono uli wamphamvu ndinali wogenda," anatero. "Kuponya ndinakudziwa mkono utatha." Atasiya anakhala zaka zitatu osaonera baseball ngakhale pa TV. Anabwezedwa ndi mwana wa neba amene anagogoda pakhomo kufunsa kagwiridwe ka mpira wochedwa uja amautcha changeup.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chakuti sanadzikometsere pa za ukochi wawo. Anati zaka zoyamba anali kochi woipa. Ankafuna mwana aliyense aziponya ngati iwo, mwendo kukwera chomwecho, mkono kudutsa pomwepo. Zimene thupi lawo linkachita lokha sankatha kuzifotokoza, ndiye mwana akalephera ankakalipa. Ankafunanso kupambana kwambiri, kuti aiwale ofesi ija. Anati pali mnyamata wina wa zaka 15 amene anamusiya pa kachulu nthawi yaitali pa fainolo, akuona ndithu kuti watopa. Anapambana chikho. Mnyamatayo chaka chotsatira sanabwerenso. Chikhocho chili m'katoni penapake, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kuyenda ndi kabuku.

Pa khoma la galajalo anakhomapo timakhadi tiwiri ta osewera akale, ndipo anandifotokozera chifukwa chake. Woyamba ndi Tommy John, woponya ndi dzanja lamanzere wa Los Angeles Dodgers, amene mtsempha wa pa chigongono unaduka mu 1974. Masiku amenewo kuvulala kotero kunali kutha kwa ntchito. Pa 25 September chaka chimenecho Dr. Frank Jobe anayesa chinthu chimene chinali chisanachitikepo pa woponya: anachotsa mtsempha pa mkono wamanja, n'kuboola timabowo m'mafupa a chigongono chamanzere, n'kuulowetsa mmenemo kuti ugwire ntchito ya woduka uja. Dokotalayo ankaona kuti mwayi wobwerera ndi umodzi pa 100. John anakhala chaka chonse cha 1975 osasewera, anabwerera mu 1976, n'kuponya mpaka 1989 ali ndi zaka 46. Asanachitidwe opareshoni anali atapambana masewero 124. Pambuyo pake anapambana ena 164. Opareshoniyo mpaka lero imadziwika ndi dzina lake, ndipo ndi yomweyo imene inasiya chipsera pa mkono wa akochi athu.

Wachiwiri ndi Mel Stottlemyre wa New York Yankees. Uyu analowa ligi yaikulu mu August 1964, ndipo miyezi iwiri yokha pambuyo pake anali akuponya mu World Series, fainolo ya MLB, maulendo atatu, kulimbana ndi Bob Gibson wa St. Louis Cardinals. Kenako timu yake inalowa pansi, iye n'kumaisenza zaka khumi. Katatu anapambana masewero 20 kapena kuposa pa chaka. Mu 1974 momwemo, chaka cha Tommy John, phewa lake linang'ambika. Chigongono chinali chitapeza dokotala wake, koma phewa linalibe. Timu inamuchotsa kumayambiriro kwa 1975, ali ndi zaka 33. Masewero onse amene anapambana pa moyo wake anali 164, nambala yomwe ija imene mnzake anaipeza pambuyo pa mpeni. Akochi anaima kaye pamenepa kuti ndiione bwino nambalayo. Wina inali chiyambi chachiwiri, wina inali zonse.

Koma Stottlemyre sanathere pamenepo. Anayamba kuphunzitsa achinyamata m'maligi aang'ono, ndipo mu 1984 anakhala kochi wa oponya wa New York Mets, kumene analera Dwight Gooden, mnyamata amene mu 1985 anapambana masewero 24 n'kugonja 4 okha ali ndi zaka 20. Mets inatenga World Series mu 1986. Kuyambira 1996 mpaka 2005 anabwerera ku Yankees monga kochi, n'kutenga zikho zina zinayi. Ana ake awiri, Todd ndi Mel Jr., anaponyanso mu ligi yaikulu, ndipo Mel Jr. naye anadzakhala kochi wa oponya. Bambo wawoyo anamwalira mu January 2019 atadwala khansa ya m'mafupa zaka zambiri. Akochi athu anati khadi la John amaonetsa ana, koma la Stottlemyre ndi lawo. Anawonjezera kuti makolo ena akamva za 164 ya John amayesa opareshoni imawonjezera mphamvu, mpaka kumaifunira ana awo. John mwiniwake wakhala akudzudzula poyera mchitidwe woponyetsa ana chaka chonse mpaka kufika pa mpeni umene unatenga dzina lake.

Ndinawaulula mawu amene ndinanena kwa mayi a mwana, oti munthu wolephera sangalondolere njira. Anaseka mpaka kugwira ukonde. Anandiuza za Leo Mazzone, amene sanaponyepo mpira ngakhale umodzi mu ligi yaikulu, koma anakhala kochi wa oponya wa Atlanta Braves kuyambira 1990 mpaka 2005, akuyang'anira Greg Maddux, Tom Glavine ndi John Smoltz, onse atatu lero ali mu Hall of Fame, mndandanda wolemekeza akatswiri a baseball. Za sikolashipi anandithira madzi ozizira. Panthawi imeneyo malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'mayunivesite, ankalola timu ya baseball ya yunivesite yaikulu masikolashipi 11.7 okha, pamene timuyo ili ndi anyamata oposa 30. Ambiri ankalandira chidutswa. Anati ngati ndikufuna ndalama za sukulu, magiredi a masamu ndi odalirika kuposa chigongono.

Tisananyamuke anandipatsa zinthu ziwiri: kachipangizo kodina ndi chala kowerengera, ndi kabuku. Pa tsamba loyamba anali atalemba manambala a malangizo otchedwa Pitch Smart, amene MLB ndi USA Baseball anatulutsa mu 2014. Aliyense angathe kuwapeza pa intaneti, koma ndiika pano amene ndinawaloweza. Mwana wa zaka 9 ndi 10 asapitirire ka 75 patsiku, wa 11 ndi 12 ka 85, wa 13 mpaka 16 ka 95. Chofunika kwambiri, chimene ine ndinkachidumpha, ndi kupuma. Kwa wa zaka 14 kutsika m'munsi, akaponya ka 21 mpaka 35 apume tsiku limodzi, 36 mpaka 50 masiku awiri, 51 mpaka 65 atatu, ndipo kuyambira 66 masiku anayi athunthu. Ndiye taonani zimene ndinkachita ine: Lachinayi ka 70, Loweruka kubwereranso. Asaponye masiku atatu otsatizana zivute zitani. Asakhale woponya ndi wowakha nthawi imodzi. Pa chaka apume kuponya pa masewero miyezi inayi, ndipo iwiri kapena itatu mwa imeneyo ikhale yotsatizana, osaponya chilichonse chodutsa pamwamba pa phewa. Ofufuza a ku American Sports Medicine Institute ku Birmingham, Alabama, anapeza mu 2006 kuti achinyamata amene ankaponya kawirikawiri mkono uli wotopa anali ndi mpata wofika pa opareshoni wochuluka maulendo 36 kuposa anzawo. Manambala onsewa alibe ntchito ngati mwana ali m'matimu awiri ndipo makochi ake sakudziwana. Wodziwa zonse amakhala kholo lokha, chifukwa ndi limene limayendetsa galimoto.

Pobwerera kunyumba tinali awiri m'galimoto. Ndinazimitsa wailesi n'kumufunsa kuti chinayamba liti. Anati chakumapeto kwa May. Miyezi iwiri yathunthu. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire, ndipo ndinkayembekezera kuti anena za anzake kapena za kuopa kutaya malo mu timu. Anayang'ana pawindo nthawi yaitali. Kenako anati, "Adadi, munalipira ndalama zambiri. Ndinkakuonani mukubwera m'mawa maso ali psuu, n'kundiyendetsanso maola atatu. Ndikanayamba bwanji?"

Ndinaimika galimoto pambali pa msewu, chifukwa sindinkaona bwino kutsogolo. Ife amene tinabwera kuno ndi sutikesi imodzi timakonda kuuza ana athu mmene tikuvutikira chifukwa cha iwo. Timayesa tikuwalimbikitsa. Sindinadziwe kuti mashifiti anga awiri aja mwana anawasenza pa chigongono. Kwathu bambo sapepesa mwana, amangomugulira kanthu n'kuyamba nkhani ina. Tsiku limenelo ndinapepesa ndi pakamwa, m'Chichewa, kenako m'Chingerezi kuti pasakhale mawu otayika. Ndinamuuza kuti ndalama zija zinapita ndipo sindidzazitchulanso. Pa lonjezo limeneli ndaterereka kamodzi, mayi ake n'kundiyang'ana, ine n'kumeza mawu otsalawo.

Kuchira kunali kotopetsa ndipo kulibe zambiri zokamba. Adokotala poyamba anati sabata zisanu ndi imodzi osaponya, koma zinakwana miyezi itatu ululu usanatheretu. Ankapita kwa a fizo kukalimbitsa phewa, msana ndi miyendo, poti mphamvu ya woponya imachokera pansi, mkono umangoiperekeza. Nyengo yozizira anasewera basketball, akochi ndi amene analimbikitsa zimenezo. Atayambiranso kuponya anayambira pafupi kwambiri, ngati kuponyerana lalanje pakhonde, n'kumatalikira pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Akochi anakhazikitsa lamulo loti akamaliza kuponya amufunse mafunso awiri, pamaso panga: kodi watopa, ndipo kodi pali pamene pakuwawa. Anamuphunzitsa kusiyanitsa. Kulemera kwa minofu ikuluikulu mawa lake ndi kwachibadwa. Ululu wobaya pamalo amodzi, woti ungauloze ndi chala chimodzi, makamaka m'kati mwa chigongono kapena pamwamba pa phewa, umenewo ndi wosiyira pomwepo n'kukaonana ndi adokotala. Masabata oyamba ankayankha akuyang'ana ine. Akochi anazindikira, n'kundiuza mwaulemu kuti ndizikadikira m'galimoto. Zinandiwawa, koma ndinapita.

Anabwerera pa kachulu mu April chaka chotsatira, Loweruka, ali ndi zaka 14 ndipo atatalika kundipitirira. Timu imodzi yokha. Ine ndinakhala kumapeto kwa benchi, kutali ndi makolo oyang'ana liwiro, chala chili pa kachipangizo kanga. Sanaponye modabwitsa. Ana awiri anamumenyera mipira yabwino, wina anamuphonyetsa ndi changeup ija, akochi n'kuwomba m'manja kamodzi. M'chigawo chachitatu, timu yake ikutsogola, ndinaona waima n'kuyang'ana ku benchi ya akochi, kenako n'kugwira chipewa kawiri. Ndinali ndisanadziwe kuti anapangana chizindikiro. Akochi anayenda mwachifatse muja amachitira, koma asanatambasule dzanja mwana anali atawapatsa kale mpira. Bambo wina pafupi nane anadandaula kuti akumuchotseranji mwana akuponya bwino chonchi. Ndinayang'ana kachipangizo, kanali pa 41. Ndinatsegula kabuku n'kulemba 41, pambali pake Lachiwiri.